Chisoso cha Pawindo

Achimwene anga aakulu, amene ananditengera ku Amereka, anasiya kudya m'nyengo yozizira ya chaka chimene anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Iwo ankakhala ku Indianapolis, cha ku Lawrence, ndi akazi awo, alamu anga. Ine ndinali ku South Bend, kumene ndinkasambitsa ndi kudyetsa okalamba kunyumba yowasamalira. Ndikapeza tsiku lopuma ndinkadraiva kukawaona, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza ataboola bowo lina pa lamba wawo.

Mankhwala a kuchipatala anawaphera m'kamwa. Nyama ankati ikununkha chitsulo, mpunga ukukoma ngati utuchi. Alamu ankaphika akulira. Tsiku lina ndinagwada pafupi ndi mpando wa achimwene.

"Achimwene, tchulani chilichonse chimene mtima ukufuna. Ndikasaka."

"Chisoso," anatero. "Chopanda matimati, chamchere basi."

Chisoso chimene kwathu ku Kasungu tinkazula m'munda n'kutaya pamzere! Ndinazungulira masitolo a mu Lafayette Road, kwa Amwenye, kwa anthu a ku Nigeria, kwa a ku Mexico, ndikujambula tsamba lake ndi chala pakauntala. Palibe anachidziwa. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira chilichonse chomera.

Nditabwerera kuntchito ndinakalirira m'chipinda chochapira zovala. Anandipeza nesi wina wachikulire wa ku Philippines, ndipo ndinamufotokozera zonse. M'mawa mwake anabwera ndi masamba m'kajumbo, onenepa, osalala. Anati kuzilumba za kwawo chomerachi chimayanga m'mipanda ndipo sichifa chaka chikatha, iye ankachisunga mumphika pawindo. Nditafikisa tsamba limodzi ndi zala, kafungo kake kanandifikitsa kumunda kwathu.

Ndinawaphikira achimwene. Analawa, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Si chisoso ichi, chemwali. Koma ndi mbale wake." Anamaliza kambale konse. Alamu anathawira kukhitchini kuti asawaone misozi.

Kuyambira pamenepo maganizo anga onse anali pa masamba amenewo. Nesi uja anandidulira timitengo, nati ndithothole masamba a m'munsi, ndiviike m'madzi mpaka mizu ituluke pamfundo, kenako ndiwokere m'dothi losasunga madzi. Mbewu anati ndisayembekezere. Anandichenjeza kuti chisanu chikangokhudza, basi chatha.

Timitengo toyamba ndinatiika pawindo. Galasi linazizira, tonse tinada n'kufota. Tachiwiri ndinatiika pafupi ndi hita, tinauma. Uku achimwene akufunsa pafoni, "Mubwera nawo masamba aja?" Ndinkabwerera kwa nesi uja kukapempha masamba, mpaka chomera chake chinatsala mitengo yokhayokha ndi timasamba ta kunsonga.

"Ndikathyolanso chifa," anandiuza.

Ndinamugwira dzanja pakhomo pake, ine munthu wamkulu, ndikubwereza mawu amodzi omwewo, kuti mchimwene wanga sadya china. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula mphika wonse.

Hita ya galimoto yanga inali itafa. Ndinakulunga mphikawo ndi bulangete ndi jekete langa, n'kuumanga lamba pampando wakutsogolo. Njira yonse yopita ku Indianapolis ndinkanjenjemera, zala zitauma pachiwongolero, ndikupemphera mokweza kuti chisafe. Chinafika chamoyo.

Tinachiika m'chipinda chochezera, pansi pa nyale yoyaka tsiku lonse. Chinayamba kuphuka, koma mochedwa, ngati chikuchita dala. Sabata yotsatira ndinapeza alamu atathyola ndi timasamba tatsopano tomwe.

"Alamu, mukatere chifa! Musiyeko a kunsonga kuti chikule."

"Ndiye amuna anga adikire masamba?" anandiyankha. "Inu mumabwera n'kupita. Ine ndimawaona akukankha mbale tsiku lililonse."

Tinakangana monong'ona kuti odwala asamve, aliyense atagwira mphika mbali yake. Koma anamva. Anaitana ali kuchipinda, mawu ali pansipansi.

"Chisiyeni chikule. Njala ndilibe."

Kuyambira tsikulo anakana masambawo. Tinawaphika, tinawanyengerera, alamu mpaka anagwada, koma ayi. Sindikudziwa ngati anakana chifukwa cha mkangano wathu kapena matenda anali atafika kale pamenepo. Ndafunsapo anzanga a kuchipatala, aliyense amayankha zake.

Posakhalitsa anawagoneka m'chipatala, n'kumawadyetsa kudzera m'kapaipi. Anamwalira chipale chikusungunuka. Amalawi a kutchalitchi anathandiza kuti thupi lipite kumudzi, ndipo alamu analiperekeza. Ine sindinapite. Mapepala anga sanali bwino, ndikanatuluka sindikanaloledwa kubwerera.

Kubwalo la ndege alamu anandipatsa kiyi wa nyumba. Chikanganirane tinali tisanalankhulane bwinobwino. Ndinafuna kupepesa, koma ndinangoika kiyiyo m'thumba.

"Muzikatsegulako mawindo," anatero. "Mundilandirirenso makalata."

Ndinaima pagalasi mpaka anasowa pakati pa anthu. Kenako ndinapita kukafunafuna pamene ndinaimika galimoto, chifukwa m'mawa mwake ndinali ndi shifiti ku South Bend.