Vaneti ya Amalume ndi Chitunda cha Pamsuku

Mwala uja ndimaukumbukira bwino kuposa nkhope za anthu ena a nthawi imeneyo. Unali wakuda, wophwatalala mbali imodzi, wolemera ngati dzungu lalikulu, ndipo unkakhala kumbuyo kwa vaneti ya amalume. Ntchito yake inali imodzi. Galimoto ikalephera chitunda, munthu ankadumpha n'kuutsamiritsa kutayala lakumbuyo kuti tisabwerere kumene tachokera. Chaka chimene ndinali m'giredi folo wodumphayo ndinali ine, mtsikana wamiyendo ngati bango, ndipo ndinkanyada ngati ndalembedwa ntchito m'boma.

Tinkakhala ku Chinyunyu, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Chipata. Atate anali ku Lusaka kuntchito yaulonda. Pakhomo tinalipo amayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankanyamulira anthu tomato ndi makala pa vaneti yawo yoyera. Ndati yoyera chifukwa cha ulemu chabe. Kulira inkalira, kuyenda inkayenda, koma amalume akaponda moto inkayamba yaganiza kaye. Inkatsokomola, n'kunjenjemera, kenako n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka abambo okankha njinga za makala ankatipitirira akutipatsa moni.

Ndinene tsopano chimene panthawiyo palibe anandiuza. Amayi anali oyembekezera, ndipo masiku anali atayandikira. Zaka ziwiri m'mbuyomo anali atataya mwana panjira, m'ngolo, asanafike kuchipatala cha ku Mpanshya, ndipo anamwino anawachenjeza kuti ulendo uno asayerekeze kuchirira pakhomo. Akanatha kupita kukadikirira kuchipatala komweko monga ankachitira amayi ena, koma chimanga chinali chisanatonoledwe, ndipo amayi anga anali munthu wosauzidwa zochita. Choncho zonse zinatsamira pa vaneti. Tsiku likadzafika, idzakwera mitunda ya ku Mpanshya nthawi ikadalipo, kapena ayi? Kwathu mwana sauzidwa za mimba. Ine anandiuza kuti amayi anenepa ndi mtedza, ndipo ndinavomera, pakuti chaka chimenecho mtedza unachitadi bwino.

Titangotha kukolola, amalume anayamba chinthu chimene ine ndinkachiyesa masewera. Ankayala matiresi kumbuyo kwa vaneti, n'kugonekapo matumba atatu a chimanga, n'kuwafunditsa bulangete. Tikatero tinkapita patsinde pa chitunda chimene chinkaonekera pakhomo pathu, chokhala ndi mtengo wa msuku pamwamba. Amalume analibe wotchi. Wotchi yawo ndinali ine. "Werenga, mwana wa mlongo wanga, osathamanga," ankatero, ndipo ndinkawerenga m'Chingerezi monga kusukulu, kuyambira pamene aponda moto mpaka pamsuku. Tsiku loyamba ndinafika handiredi eyite.

Masiku otsatira tinawathera pansi pa boneti. Inali nyengo yachisanu, ya mphepo yong'amba milomo, koma injini ikangozimitsidwa inkafunda ngati mbaula, ndipo ine ndinkaothera manja pamenepo. Fungo la petulo ndi oilo wopsa ndikalimva ngakhale lero, mtima umandipepuka. Amalume anamasula mapulagi, tizitsulo toyatsa moto m'injini, ndipo anatuluka akuda bii. Anandipatsa mswachi wakale kuti ndiwapale mpaka awale. Anakhetsa oilo, amene anali atakhuthala ngati phala la dzulo, n'kuthira watsopano. Sefa ya petulo anaipeza yodzaza mchenga, chifukwa mafuta tinkagula a m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo anaisintha. Tinabwerera kuchitunda ndi matumba athu. Handiredi fote. Ine ndinaomba m'manja, koma amalume anangopukusa mutu.

Kenako anatulukira sefa ya mpweya, chinthu chozungulira chapepala lopindapinda, chofiira ndi fumbi la zaka zambiri. Munthu wa ku Chinyunyu akaona chinthu chakuda saganiza kawiri, amadziwa kopita nacho. Tili ndi kasupe wa madzi otentha otuluka pansi, kumene anthu amachapako mabulangete, kuviikako miyendo ya nyamakazi, ndi kukhulupirira kuti palibe litsiro limene lingakane. Amalume anaika sefayo m'beseni, ine ndinasenza, n'kupita. Ndikukumbukira nthunzi ikukwera m'mamawa, kafungo ka dzira lowola, ndi amayi ochapa zovala akufunsa ngati tsopano galimoto nazonso zayamba kudwala nyamakazi. Amalume anaichapa ndi sopo mwachikondi chonse, n'kukaiyanika pathandala pamodzi ndi mbale.

M'mawa mwake pepala lija linali litauma gwa ngati chikopa. Vaneti inafika pakati pa chitunda n'kuzima, ndipo tsiku limenelo mwala ndinaudumphira kawiri. Titabwerera, amayi anaseka mpaka kugwira msana. "Achimwene, safunsa anadya phula," anatero. Amalume anaseka nawo, koma usana wonse sanadye kanthu. Panthawiyo ndinkaganiza kuti ndi manyazi. Lero, pokhala ndi ana anga atatu, ndikudziwa kuti anali mantha.

Amene anatipulumutsa anali aphunzitsi anga a giredi folo, bambo wamfupi amene anali ndi njinga yamoto ndipo ankaikonza yekha. Anadutsa pakhomo madzulo, n'kuitembenuza sefa ija m'manja monga ankachitira ndi kope la mwana wolephera masamu. Anafotokoza mwaulemu kuti sefa yapepala sichapidwa, imangogwedezedwa fumbi kapena kutayidwa, ndipo kuti injini ikasowa mpweya, ngakhale uipatse petulo wochuluka bwanji, siingakoke. Loweruka anapita ku Chongwe n'kubwera ndi yatsopano. Anatsukanso kabureta, mmene petulo amasanganirana ndi mpweya, akupemerera timabowo take ndi pampu ya njinga. Tinafika handiredi teni. Zinali bwino, koma chifuwa chija chinali chikadalipo.

Aphunzitsi anauza amalume kuti alize injini, iwo n'kuika chikhatho pakamwa pa paipi yokokera mpweya. Anati sikukoka. Paipiyo inali yopindika, ndipo dzanja la bambo aliyense mwa awiriwo linakana kulowa. Onse anatembenuka kuyang'ana ine.

Injini itazimitsidwa ndinalowetsa mkono mpaka m'chigongono. Zala zanga zinakhudza chinthu chofewa, ndipo ndinakoka. Munatuluka makoko a mtedza, ulusi wa matumba, nthenga za nkhuku, ndi kachidutswa ka mpango wa amayi umene anausowa mwezi wathunthu akundinamizira ine. Vaneti inkagona pafupi ndi nkhokwe, ndipo makoswe anali atamangamo mudzi. Ndinatulutsa zodzaza mbale yaikulu. "Manje onani, ba Ticha," anatero amalume, "nshawa zathu zonse zinali mu motoka." Pakamwa pa paipiyo anamangapo kawaya kosefera ufa kuti eni mudziwo asabwerere.

Madzulo amenewo sindidzawaiwala. Amalume ataponda moto, vaneti inadumpha, ine msana n'kugunda pampando. Mphepo inalowa pawindo, mitengo inayamba kuthawa, ndipo ndinangofika fifite-faivi tili kale pamsuku. Abambo a njinga za makala tinawapitirira, ulendo uno moni tinayamba ndife. Ndinkafuna kuti tibwereze mpaka dzuwa lilowe, koma amalume anaima, n'kutsika, n'kupita kumbuyo kukaona ngati matumba asuntha pamatiresi. Anawakonzera bulangete. Kenako anakweranso chitundacho kawiri, akuzemba dzenje lililonse ngati anyamula mazira. Ndinawaseka kwambiri, ndikuti amalume anga akulera chimanga. Titafika pakhomo amayi anaizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, n'kuika dzanja paboneti yofunda.

Masabata awiri otsatira anali okoma kuposa ena onse a ubwana wanga. Vaneti sinapitenso kutali kukanyamula makala. Inkaima pakhomo itayang'ana kumsewu, yodzaza petulo wosefedwa pansalu, ndipo m'mawa uliwonse amalume ankailiza n'kumvetsera. Kusukulu ndinkauza aliyense kuti galimotoyo ndinaikonza ndine. Aphunzitsi ankamva, koma sananditsutse.

Tsikulo linafika Lachinayi m'mawa, ndikuvala yunifomu. Ndinaona akazi a aphunzitsi akulowa m'nyumba mwathu mofulumira, amalume akutsitsa matumba aja n'kusiya matiresi okha. Amayi anatuluka akazi a aphunzitsiwo atawagwirira, nkhope ili thukuta ngakhale kunali kuzizira, ndipo anawagoneka pamene pankagona chimanga. Ndinathamangira kumalo kwanga kutsogolo, koma amalume anandigwira paphewa. "Lero supita. Khala na ba Ticha." Ndinakwiya zedi. Ndinkaona kuti andilanda ulendo umene ndinaugwirira ntchito ndi mkono wanga. Komabe ndinakwera pachulu, ndipo vaneti itafika patsinde pa chitunda ndinayamba kuwerenga, misozi ili mbwe. Inazimiririka pamsuku ndili pa fote-eyiti.

Amalume anabwerera okha dzuwa litapendeka. Mkwiyo unali utatha kale, ndipo ndinawathamangira kuti ndiwauze nambala yatsopanoyo. Anatsika, n'kukhala pansi pafumbi atatsamira tayala lakutsogolo. "Uli na mlongo wako," anatero. "Wabadwa titangofika. Amayi ako ali bwino." Atatero anabisa nkhope m'chipewa n'kuyamba kulira, mapewa akugwedezeka.

Ine ndinaima pamenepo ndi fote-eyiti wanga m'kamwa. Ndinasuzumira pansi pa galimoto kuona ngati oilo akudontha, ndinayang'ana matayala onse anayi, koma panalibe chimene chinawonongeka. Sindinathe kumvetsa chimene chingalize munthu wamkulu pa tsiku limene galimoto yake yathamanga chotere.