Opambana Adzalembedwa

Kwathu ku Mphunzi, miyezi ya chisanu, munthu wanzeru ankadzuka dzuwa litakwera. Ife nzeru zimenezo tinalibe. Tinali amuna asanu ndi awiri, ena okwatira kale, ndipo kukangocha tinkakumana pa mkuyu wa kudambo kuti tithamange popanda wotithamangitsa. Mwini liwiro pakati pathu anali msuweni wanga, mwana wa azakhali. Ndikulemba za iyeyo ndi za mmene anachokera pamudzi, chifukwa amene anamuchotsa ndine.

Zinayamba ndi manyazi. Chaka china ansembe a ku mishoni anakonza mpikisano wa liwiro pa tsiku la chikondwerero, ndipo amuna a ku Kaphuka anatisiya kutali akazi athu akuona. M'mawa mwake msuweni wanga anagogoda pakhomo panga, nandiuza kuti miyendo imaphunzitsidwa ngati ng'ombe, ndipo yanga ndi imene inkafunika chikwapu kwambiri.

Njira yathu inali imodzi masiku onse. Kuchokera pa mkuyu tinkakwera mpaka pa thanthwe lija la zojambula zofiira za anthu akale, kenako n'kutsetsereka kupita ku dziwe. Pamenepo panalibe kuvula pang'onopang'ono kapena kuyesa madzi ndi chala. Unkangodziponya, n'kusambira mpaka tsidya, mano akugundana. Gawo lachitatu linabwera chifukwa cha apongozi ake a msuweni wanga, amene ankadandaula kuti mkamwini wawo amapita kuphiri tsiku lililonse n'kubwerako chimanjamanja. Kuyambira pamenepo aliyense ankasenza chipika cha nkhuni kuchokera ku dziwe mpaka kumudzi, akuthamanga. Apongoziwo anasiya kudandaula, ndipo mudzi wathu sunasowenso nkhuni.

Tinali ndi lamulo loti wotsogola azifuula pa chitunda chilichonse kuti, "Alipo?" ndipo wotsiriza aziyankha kuti, "Ndilipo." Wotsirizayo sanali wosinthasintha. Ndinali ine. Anzanga ankati mawu anga amawadziwa bwino kuposa nkhope yanga, popeza nkhopeyo sankaiona mpaka kumudzi.

Koma ndinali ndi chinthu chimene iwo analibe, ndipo ndinkachinyadira mopitirira muyeso. Ndinkawerenga. M'kalasi sindinakhalemo, koma mphunzitsi wina wa m'mudzi anandipatsa katekisimu wopanda chikuto, nandionetsa zilembo masiku angapo, zotsalazo ndinazisaka ndekha ndi chala. Ndinkawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa thumba la mchere, ndipo ndikamaliza ndinkakweza mutu kuti ndione ngati pali amene wandiona. Msuweni wanga ankanditchula kuti akalaliki opanda ofesi. Ine ndinkamubwezera kuti nzeru zake zonse zinatsikira ku zidendene. Pachisuweni zoterezi n'zololedwa, ndipo azakhali akatimva ankangopukusa mutu.

Kenako nkhondo ya azungu inabuka kumpoto. Amesinjala a boma anayamba kuyenda m'midzi kufuna amtengatenga, amuna osenza katundu wa asilikali. Amene anapita oyamba anabwerako ochepa, oonda, mapazi atang'ambika. Apa ndi pamene kuthamanga kwathu kunaleka kukhala choseketsa. Chipewa chofiira cha mesinjala chikangooneka kumunsi, ife tinali titafika kale kumapanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa gulu lathu amene anagwidwa. Msuweni wanga anali ndi chifukwa chachikulu chothawira. Mkazi wake anali ndi pakati poyamba, ndipo kwa azakhali mwana wamwamuna anali yekhayo. Ankanena poyera kuti amene akufuna kumutenga ayambe wamupeza.

Tsiku lina ndinapita ku boma kukagulitsa mbatata ya kachewere. Ine ndinkapita mopanda mantha kwenikweni, popeza ndinali woonda ngati bango, ndipo mesinjala wina anali atandiyang'anapo n'kundidutsa. Pamtengo wa pafupi ndi ofesi panali pepala lokhomedwa, lolembedwa m'chinenero chathu. Ndinatula dengu pansi, n'kuyamba kuliwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, kuti amayi ogulitsa masamba andione. Linkanena kuti Loweruka kudzakhala mpikisano wa amuna amphamvu. Adzathamanga mpaka kumtsinje, adzawoloka posambira, ndipo adzakwera phiri atasenza thumba. Pansi pake panali mawu awiri okha: "Opambana adzalembedwa."

Mpikisanowo unali ngati wina wautengera pa njira yathu ya m'mawa. Ndipo mawu awiri aja ndinawamva mmene munthu woledzera ndi zilembo akanawamvera. Kwa ine kulemba kunali kumodzi basi, kwa cholembera ndi pepala. Ndinaona m'maganizo buku lalikulu ngati la ubatizo la ku mishoni, dzina la msuweni wanga lili pamwamba, amuna a ku Kaphuka ali pansi pake mpaka kalekale. Zoti munthu amalembedwanso ntchito ndinali nditazimvapo kwa amene anapita kuminda ya azungu kumwera, koma tsiku limenelo sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono.

Ndinafika kumudzi ndikupuma wefuwefu, mwina tsiku lokhalo limene ndinathamanga bwino. Anzanga ndinawauza m'mawu anga, osati mmene pepala linanenera. Ndinati maina a opambana adzalembedwa m'buku la boma kuti asaiwalike. Mawu oti maina, oti buku, ndi oti asaiwalike ndinawonjezera ndekha, osazindikira n'komwe kuti ndikuwonjezera. Mmodzi wa ife anakayika, nati boma la masiku ano silikondwerera liwiro la munthu pachabe. Msuweni wanga anandiyang'ana, nthabwala zitachoka pankhope, nandifunsa ngati ndinawerenga mpaka pansi.

"Mpaka pa msomali," ndinayankha motero.

"Basi tipita. Akalaliki anena."

Loweruka tinanyamuka kukuzizira, nkhungu itaphimba phiri la Dedza. Amuna anabwera ambiri, a ku Kaphuka, a ku Chimbiya ndi a midzi ina imene sindinkaidziwa, ambiri a iwo atangomva kwa anzawo kuti kuli mpikisano. Mluzu utalira, msuweni wanga anatuluka pagulu ngati wadzozedwa mafuta. Ndinamuona komaliza akutsetsereka kumtsinje, ndipo ali pakati pa madzi anatembenuka n'kufuula, "Alipo?" Anthu osadziwa mwambo wathu anadabwa. Ine ndinayankha ndili kutali kumtunda, m'nthiti mukundibaya.

Thumba linali la mchenga, lolemera kuposa chipika chilichonse cha kwathu. Ndinaligwetsa kawiri. Pokwera ndinaona mzungu ndi kapitawo wake ataima m'mbali mwa njira, osasamala kwenikweni kuti woyamba ndani, koma akuyang'ana mapewa ndi mapazi a aliyense wodutsa. Ine atandiyang'ana anaseka. Ndinapsa mtima, poganiza kuti andinyoza.

Nditafika pamwamba, opambana anali ataimikidwa kale pamzere, anayi mwa iwo a gulu lathu. Msuweni wanga anali kutsogolo, madzi akudonthabe m'tsitsi, akumwetulira. Patebulo panali kalaliki weniweni ndi buku lalikulu, ndendende mmene ndinalilotera. Msuweni wanga anandikodola.

"Tabwera kuno iwe, udzaone ngati alemba bwino. Ine ndingoona nyerere."

Ndinasuzumira. Dzina lake linalembedwa bwino, zilembo zokongola kuposa zanga, ndipo ndinamuuza choncho. Pambuyo pake kapitawo anamupatsa bulangete, ndipo tinaganiza kuti ndiyo mphoto. Kenako anamuveka chingwe m'khosi, chokhala ndi kachitsulo ka nambala. Kachitsulo koteroko tinali titakaonapo pa makosi a amtengatenga obwerera. Pamene tinkatembenuka, asilikali anali atazungulira mzere wonse.

Pamenepo mawu awiri aja anandibwerera, ndipo ndinawamva bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Pepala silinanamize munthu. Linanena zonse.

Anawalola kutsanzika ataima pomwepo. Msuweni wanga anati boma latipusitsa tonse, ndipo ndisadandaule, chifukwa munthu sangawerenge zimene sizinalembedwe. Ndinamusiya akhulupirire zimenezo. Anandituma kuti ndikamalize kufolera nkhokwe yake mvula isanagwe, ndiponso kuti mwana akabadwa wamwamuna ndisayerekeze kumuphunzitsa kuthamanga, ndingamuwononge. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamuka kulowera kunyanja.

Kumudzi nkhani inafika mmene iye anaiumbira, kuti boma linakhoma pepala labodza. Aliyense akanena choncho ine ndinkagwedeza mutu movomereza. Nkhokwe ndinafolera. Mwana anabadwa wamkazi. Atatu otsalafe tinayesa kukumana pa mkuyu kangapo, koma tinkangoima manja m'khwapa, n'kubwerera. Katekisimu ndinamuika padenga, ndipo anthu akabwera ndi kalata kuti ndiwawerengere ndinkati maso akundivuta.

Dzinja linadutsa katatu. Kenako awiri mwa anayi aja anabwerera, mmodzi akutsimphina. Iyeyo ndi amene anatiuza kuti msuweni wanga anadwala kamwazi panjira, kutali kupitirira nyanja, ndipo anasenzabe katundu wake masiku awiri kuti anzake asamugawane. Tsiku lachitatu sanadzuke. Anamuika m'mbali mwa njira, pamalo amene wotsimphinayo sankadziwa dzina lake. Tinalira maliro opanda mtembo, ndipo patapita masiku tinameta.

Mlungu wotsatira ndinapita kudimba kwa azakhali. Ndinawapeza akukumba mbatata, mutu uli wometa, mpango atauika pa mzere. Ndinakhala pansi chapatali, n'kuwauza kuti ndabwera ndi mlandu wanga. Ndinati pepala lija ndinaliwerenga ndine, ndipo zimene ndinauza anthu si zimene linanena. Sanasiye kukumba. Anangoti ndiwauze mmene linanenera, mawu ake enieni, osathira mchere.

Ndinawanenera lonse, chifukwa linali lisanandichoke m'mutu ngakhale tsiku limodzi. Kuthamanga, kusambira, thumba. Kenako mawu awiri omaliza.

Khasu linaima. Azakhali, amene sanagwirepo pepala moyo wawo wonse, sanafunikire kumva kachiwiri.

"Adzalembedwa? Si ntchito imeneyo, mwana wa achimwene?"

"Ndi ntchito, azakhali."

"Ukanabwera kudzandiwerengera ine."

Ananena motsitsa, ngati akundikumbutsa kuti ndaiwala kutseka khola. Ndinadikira kuti andikalipire kapena andithamangitse m'dimbamo, ndipo zikanandipepukira. Iwo anakhala pa mzere nthawi yaitali, akuchotsa dothi pa mbatata imodzi ndi chala chachikulu. Kenako anandifunsa ngati mkazi wa malemuyo akudziwa. Ndinati ayi. Anati ndikamuuze ndekha tsiku lomwelo, mawu omwewo, ndipo iwo sandiperekeza.

Ndinanyamuka. Nyumba ya alamu anga inali kuseri kwa chitunda, ulendo waufupi kwambiri, ndipo ndinawaona ali pakhonde akupeta nyemba ndisanakonze poyambira. Atandiona anaika lichero pansi, n'kulowa m'nyumba kukanditengera mpando.