Khasu Lopaka Penti

Khasu la amayi linabwera ku Amereka litakulungidwa m'chitenje, lopanda mpini. Ku Greenbelt ankalimira kadimba kamene anthu a m'mafulati tinkagawana, ndipo makasu a m'sitolo ankawanyoza kuti ndi masupuni. Likanatha limeneli, lina sakanalipeza.

Kwathu khasu limasamalika ndi kulima, dothi limalitsuka lokha. Choncho chisanu chitayamba, amayi anangolitsamiritsa pakhonde monga anazolowera. Malume, amene tinkakhala nawo, ankawaza mchere pakhondepo kuti tisaterereke pa madzi oundana. Pofika Khirisimasi khasu linali litafiira, likusupuka makoko. Ndinawapeza amayi akukanda dzimbirilo ndi chikhadabo. Ndinachita mantha.

Ndinali ndi zaka khumi. Kusukulu aphunzitsi anali ataviika misomali iwiri m'madzi amchere, umodzi wopaka penti, wina wosapaka. Wosapakawo unafiiritsa madzi onse, unzake osasintha. "Dzimbiri limadza madzi ndi mpweya zikakhudza chitsulo," ankatero, "mchere umangolifulumizitsa. Penti imatseka njira." Anatichenjezanso kuti ukapaka pamwamba pa dzimbiri, limapitiriza kudya chamkati.

Masiku atatu ndinapala khasulo ndi sandipepa, fumbi lofiira likundilowa m'mphuno, zala zikuthetheka. Litayera ndinalipukuta mpaka kuuma, n'kupaka penti yoyambira, kenako yobiriwira kawiri, osasiya ndi kampata komwe. Malume anaseka mpaka kugwira m'nthiti, n'kufunsa amayi: "Khasu lopaka penti, achemwali? Likupita kuukwati?" Mpaka lero sindinawakhululukire kwenikweni, popeza mchere uja unali wawo.

Madzi oundana aja atasungunuka, njinga ya malume, imene inagona pakhonde lomwelo, inali dzimbiri lokhalokha, tcheni chake chitauma gwa. Khasu linalibe ndi kadontho komwe. Sabata yonse ndinayenda modzitukumula, ndipo ndikuonabe kuti ndinali ndi chifukwa.

Tsiku loyamba kudimba, amayi atangounda mizere iwiri, penti yakumsonga inapalika yonse, chitsulo n'kumang'anima. Ine ndinalira ndi ukali. Iwo anaseka, akupukuta thukuta ndi chitenje, n'kundiuza kuti, "Chaka chamawa udzapakanso." Ndinamva ngati akundipatsa chibalo. Sindinkadziwa kuti chisanu chonsecho sutikesi yawo inali yolongedza kale kunsi kwa bedi, pokonzekera kubwerera kwathu, ndipo aka kanali koyamba kutchula chaka chamawa m'dziko limeneli.