Palmira ndi Masamba a Nthochi

Inu amene mukuphunzira ntchito koma ikukukanani, tamverani za Palmira wa ku Majaua.

Inali nthawi ya Apwitikizi. Mwamuna wake, yemwe anali telala, anamwalira n'kumusiyira ana ndi makina osokera opalasa ndi phazi. Maliro atangotha, mlamu wake Olímpio anafika n'kuwasisita makinawo.

"Alamu, awa si a munthu wosadziwa kusoka. Tikakolola ndidzawatenga, ndikagulitse ku Muloza."

Palmira mtima unamuwawa, pakuti makinawo ndiwo akanalera ana ake. Anayamba kusoka tsiku ndi tsiku, koma ayi ndithu! Gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Malaya oyamba anatuluka mkono wina wautali, khosi loti ngakhale mutu wa khanda sungalowe. Anansi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsiku la msika anapita ku Milange, nakaonetsa malayawo kwa telala wachikulire wosokera pakhonde la sitolo. Nayenso anaseka, kenako anafunsa:

"Mayi, chikukuvutani kwenikweni n'chiyani?"

"Phazi, bambo. Silimva."

"Nanga nsalu yalakwanji? Yambani mwaphunzitsa phazilo palokha."

Atabwerera kwawo, Palmira anachotsa ulusi ndi singano. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankangopalasa pang'onopang'ono, mpaka gudumu linasiya kubwerera. Kenako anabwezera singano yopanda ulusi, n'kumasoka masamba ofota a nthochi motsata mzere wolemba ndi khala. Akatha ankaliyang'ana tsambalo padzuwa. Pamene timabowo takhota, ankabwereza pomwepo mpaka tiwongoke.

"Palmira akusokera mbuzi madiresi!" ankatero anthu. Iye ankaseka nawo, phazi likupalasabe. Ulusi ndi zigamba zinabwera pambuyo pake.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, Olímpio anatulukira panjinga, zingwe zomangira makina zili pakaliyala. Potsika, kabudula anakola pachishalo, kweee! Kumbuyo konse pamtunda.

"Alamu, musayende chonchi pamaso pa anthu," anatero Palmira, akumupatsa chitenje.

Olímpio, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anakhala pakhonde atamanga chitenje m'chiuno, Palmira akusoka kabudulayo, makina akulira mosadukiza. Atalandira kabudulayo anakoka msoko uku ndi uku, koma sunamasuke. Anayang'ana zingwe zake, nakanda m'mutu.

"Alamu, kunyumba ndili ndi winanso wong'ambika. Ndibwere naye liti?"

Makina anatsala, ndipo ana a Palmira anakulira pa makina omwewo.

Inunso pezani pamene pakukuvutani, mupabwereze pokhapo, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Akakusekani, sekani nawo. Osataya mtima, phazi lidzamva ndithu!