Phulusa la eni ku Mgona

Ine sukulu ndinalekera panjira, dzina langa ndimadinda ndi chala, koma chimbudzi ndinamanga, ee ndinamanga, ku Mgona kuja, chaka chimene kolera anatizinga.

Ku Mgona malo ndi ochepa. Ukati ukumbe dzenje, khasu likumana ndi dzenje lakale la mnzako. Mvula ikagwa zimbudzi zimatitimira, zonyansa n'kumayenda m'tinjira, ana n'kumapondamo. Ndiye tinasonkhana amayi a m'dera. Mnzathu wina amene anakaona ku Chinsapo anatifotokozera za chimbudzi chosakumba: zipinda ziwiri pamwamba pa nthaka, mkodzo njira yakeyake, ukatha kudzithandiza uthire phulusa ndi dothi, madzi ayi. Chipinda chikadzaza umate, udikire miyezi isanu ndi umodzi, ukatsegula upeza manyowa. Tizimangira anthu, manyowa tizigulitsa kwa olima ku Njewa, ana athu aleke kufa.

Ayambe ndani? Onse maso pansi. Ine dzanja m'mwamba, chiuno chayamba kale kuvina.

Anati phulusa kapu imodzi ikwana. Ine za kapu sindinazimve, ndinkathira mokhuthula, ndi mtima wonse. La mbaula yanga linatha, ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, beseni pamutu. "Odi kuno, phulusa lanu musataye, ndigawireni." Ankaseka, ankandipatsa.

Lolemba lina ndinatenga phulusa kwa mayi wa kuseri kwathu. Lachiwiri mwana wake anatsegula m'mimba. Lachinayi tinakamuika.

Kuseka kunatha. Pampopi ndikafika, ndowa zinkasendera kutali ndi yanga. Mawu ankadutsa pampanda osaona mwini wake: munthu wosunga zonyansa za anthu m'njerwa, wotola phulusa la eni, akufuna chiyani? Abambo ena anabwera masana, osakhala pansi.

"Agogo, tsiku lotsegula tidzakhalapo. Chikadzanunkha tidzagumula, inunso mudzaone kolowera."

Ndinamata chipinda. Ndinadikira. Mvula inatha, mphepo ya Juni inadutsa, fumbi linabwera. Nyimbo zanga ndinkaimbira m'mphuno.

M'mawa wa tsikulo mpongozi wanga anagwada pakhomo.

"Amayi, ndikuululireni. Masiku a kolera aja ndinathiramo ndowa ya madzi a mankhwala. Ndinkaopera ana."

"Ndowa yodzaza?"

"Yodzaza."

Madzi ayi, anatero mnzathu uja, madzi amawoletsa zonse. Kunja anthu anali atadzaza kale mpaka panjira, wina atanyamula piki. Mayi wa mwana uja anaima kutsogolo, manja kumbuyo, osaphethira.

Ndinagogoda dothi lomatira, go, go, go. Chitseko chinagwa. Anthu anagwira mphuno fungo lisanafike. Ine fosholo ndinaikana. Ndinapinda dzanja la bulauzi, ndinalowetsa mkono mpaka m'chigongono, mumdima muja, ndikupemphera chamumtima.

Zouma. Zofewa, zakuda bii, zoyoyoka m'zala ngati dothi la kudimba. Phulusa langa lokhuthula lija, phulusa la eni lija, linamwa ndowa yonse.

Wa piki anaitsitsa pang'ono, osaisiya. Onse ankayang'ana mayi uja, pakuti mlandu unali wake. Ndinamutambasulira dzanja. Anatapa, ananunkhiza, anamanga pa nsonga ya chitenje, n'kutembenuka, n'kumapita.

Wapita nazo kuti? Kwa sing'anga? Kwa a mpingo? Sabata yathunthu nyumba yake chitseko chotseka, ine katundu ndamanga theka.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinamva "odi" wotsika. Ndi iye, beseni pamutu, phulusa lodzaza. Analitula pamapazi anga, maso ali kumbali.

"Mwana wanga sabwerera," anatero. "Koma atsala awiri. Njerwa zimafunika zingati?"

Ine kuwerenga sindidziwa, mwana wanga, ndinamuuza, koma kumanga ndimadziwa. Nyimbo inafika pakhosi, ndinaimeza, pakuti pa maso pake panali pakadali maliro. Ndinakaimbira m'chimbudzi, chitseko nditatseka.