Awiri ndi Kansonga

Simbi ya makala ija ndimaikumbukirabe, ya katambala kachitsulo pachotsekera. Ndi imene inkasita kabudula woyera wa abambo, kalaliki wa pasikelo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kuno. Ntchito yawo inali kuyeza masamba a othyola tiyi. Akapeza tsamba lokhwima, ankakhuthula dengu lonse pansi n'kukalipa kuti, "Awiri ndi kansonga, mayi!" Lamulo linali limenelo: masamba awiri anthete ndi nsonga yake basi.

Chaka chimene ndinayamba sukulu, mtengo wa tiyi unagwa kutsidya kwa nyanja. Galimoto ya bwana sinasiye kuyenda, koma makalaliki anachotsedwa, abambo ali m'gulumo, n'kutsala mmodzi yekha. Anatiuza kuti tikafuna kukhalabe m'nyumba ya esiteti, mmodzi wa ife asenze dengu. Kwina kopita tinalibe. Makolo athu anachokera ku Mozambiki, analibe ndi kamunda komwe.

"Munthu wa Sitandade sikisi sangathyole tiyi," anatero abambo.

Choncho dengu linapita kumsana kwa amayi, dzinja lonse. Ankabwera atanyowa, zala zitang'ambika, akununkha masamba aawisi. Shuga anatha, nsapato zanga zinagulitsidwa, koma abambo ankasitabe kabudula n'kukhala pakhonde kulemba makalata ofunsira ntchito. Kale ndinkati ndi ulemu. Lero ndimati unali mantha ovala masokosi.

Tsiku lina ndinawapititsira amayi chinangwa chophika kusikelo. Ndinapeza kalaliki yekhayo amene anatsala akukhuthula dengu lawo m'matope. Amayi anzawo pamzere anakuwa pamodzi, motsanzira mawu a abambo: "Awiri ndi kansonga, mayi!" Chiphwete chinamveka mpaka kufakitale. Sindiwada amayi amenewo, anadikira tsikuli zaka zambiri.

Amayi anatola masamba limodzilimodzi. "Usakanene kunyumba," anandinong'oneza.

Ine ndinakanena ndithu, ndili ndi chikhulupiriro kuti abambo akamuthyola khosi munthuyo. Anamvetsera osaika cholembera pansi, kenako anati, "Sanalakwe mnzangayo. Amayi ako azisankha bwino masamba."

Amayi anali pakhomo, anamva zonse. Nthawi ya chakudya anabweretsa madzi osamba m'manja n'kuwaika patsogolo pa abambo ali chiimire, osagwada. Sanagwadenso mawa lake, ngakhale chaka chotsatira abambo atabwezedwa pasikelo, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda abambowo.

Ine ndinkangoti mawondo a amayi anawonongeka ndi zitunda za tiyi, ndipo ndinkawamvera chisoni chifukwa cha mawondowo.