Nyimbo za mpando umodzi

Kwa zaka zingapo, nthawi yokhayo imene ine ndi akazi anga tinkakhala limodzi tili maso inali ya m'galimoto. Iwo amasamalira nkhalamba pa nyumba ina ya okalamba kufupi ndi College Park kuno ku America, ine ndimakankha odwala pa zikuku pa chipatala china, ndipo poti timaweruka nthawi zosiyana, wina amapeza mnzake atagona. M'mawa uliwonse tinkanyamuka ku Lanham, ine n'kuwasiya pantchito pawo kenako n'kupitirira. Ulendo wa theka la ola, msewu ukadzaza n'kupitirirapo pang'ono. Nkhani za kumudzi, za kutchalitchi, za mwendo wawo umene umatupa akaima nthawi yaitali, zonse tinkakambira m'menemo. Nthawi imeneyo ndinaitaya kwa miyezi inayi, ndekha, chifukwa cha nyimbo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Ine nthenda yanga ndi nyimbo. Sindimwa, sindisuta, mpira ndimangoonera kuti ndisasowe chonena pagulu, koma mundiikire kwaya yabwino kapena magitala a kwathu, ndathedwa. Nditapeza galimoto yanga yoyamba yooneka bwino kuno ku America, ndinachotsa masipika amene inabwera nawo n'kuikamo ena. Ndinawonjezera chisipika cha besi kumbuyo. Phokoso linakula, koma kukoma ayi. Mawu ankangotulukira cha kuphazi langa lamanzere, ngati woimbayo wabisala m'munsi mwa chitseko.

Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandilozera kwa bambo wina wa ku Zambia amene ali ndi kagalaja kuseri kwa nyumba yake ku Manassas. Ndinapita Loweruka m'mawa. Anali munthu wamfupi, wa ndevu za imvi, wosapupuluma pochita zinthu. Anamvetsera nyimbo imodzi mpaka kutha, n'kupukusa mutu.

"Masipika yanu yali chabe bwino, boss. Vuto ni yakuti iliyonse ikamba pa nthawi yake. Mufunika DSP."

Anandionetsa kabokosi kakuda kokwana pansi pa mpando. Anati ntchito yake ndi kulandira nyimbo isanafike ku masipika n'kuigawa: mawu aakulu apite uku, aang'ono apite uko, sipika iyi ichedweko, iyo ikwezeko. Kuno chiwongolero chili kumanzere, ndiye mawu a chitseko chakumanzere amafika msanga m'khutu mwa woyendetsa n'kuphimba a kumanja. Kabokosiko kamachedwetsa ndi kuchepetsa oyandikirawo, n'kukweza akutaliwo, kuti onse afikire pamodzi pamutu pa munthu.

Ntchitoyo inadya tsiku lonse. Anayeza ndi tepi kuchokera pa sipika iliyonse kufika pamene pamakhala mutu wanga. Anamangirira maikolofoni pa chotsamira mutu cha mpando wanga, analumikiza laputopu, galimoto yonse n'kuyamba kulira shiii ngati mvula pa malata. Iye maso ali pa mizere yokwera ndi kutsika, kukankha apa, kubweza apo, kumvetsera, kubwerezanso. Ali mkati anatembenuka.

"Nanga ba madam, bamankala kutsogolo?"

"Tsiku lililonse," ndinayankha.

"Manje mvelani. Nikachuna pa mpando wanu weka, imwe muzamvela monga muli kumwamba, koma uyo wa kumbali izamuwawa mu khutu. Ningapange pakati kuti bonse mumveleko bwino, koma yanu izachepako kuwama pang'ono. Mufuna iti?"

Ndikadatha kunena kuti sindinamve bwino Chinyanja chake, koma likhala bodza. Ndinamva zonse. Ndinaseka n'kunena kuti, "Iwowo samva kusiyana. Tchunani pa ine." Anandiyang'ana n'kutembenukira ku laputopu yake.

Atamaliza anandiuza kuti ndikhale pampando wanga n'kutsinzina. Abale, ndisaname, zinali zokoma. Woimba anachoka kuphazi kuja n'kudzaima patsogolo panga, pakati pa galasi lakutsogolo, moti n'kumugwira dzanja. Ng'oma kumbuyo kwake, amayi a kwaya uku, abambo uko, ndinkamva ngakhale mpweya umene munthu amakoka asanayambe mzere. Nyimbo imene ndinaidziwa ndili mwana ndinaimva ngati yatsopano, misozi n'kulengeza. Pobwerera ku Lanham ndinadzera dala njira yaitali.

Lolemba m'mawa ndinayatsa ndi mtima wonse, kudikira kuyamikiridwa. Tisanafike n'komwe pa maloboti achiwiri, akazi anga anaika dzanja pakhutu lakumanja.

"Bambo, tachepetsani. Chikundibaya m'khutu."

"Chikukubayani n'chiyani? Imeneyi ndiye nyimbo tsopano."

"Ine ndikungomva aka kakulira tswii apa." Analoza kasipika kakang'ono ka pakona ya galasi, mbali yawo.

Ndinachepetsa pang'ono, ulemu wa pamaso chabe, ndipo titakhota ndinakwezanso. Zinakhala choncho mawa lake, ndi sabata yotsatira yomwe. Ankafika kuntchito mutu ukuwawa, kumene kunali kuwadikira agogo ena amene amakuwa tsiku lonse. Anandipempha kuti m'mawa mokha tiziyenda osayatsa. Ndinayankha kuti munthu sagula nsapato kuti aziyenda nazo m'manja. Mumtima ndinkati ndi nsanje basi, mkazi sakondwa mwamuna akakonda chinthu china. Mawu a bambo wa ku Manassas aja ndinawakankhira kutali, uko kumene munthu amakankhira zinthu zimene akuzidziwa koma sakuzifuna. Nkhani zathu za m'mawa zinayamba kufupika, chifukwa ine ndikamamvetsera nyimbo sindifuna wondilankhula.

Choipitsitsa chinachitika Lamlungu lina titaweruka mapemphero. Mbiri ya galimoto yanga inali itawanda, ndipo abambo a mumpingo anandizungulira pamalo oimika magalimoto. Ndinkatuluka ine, n'kumuuza aliyense kuti, "Khalani apa, pachiwongolero, mutsinzine." Mmodzimmodzi ankalowa n'kutuluka kukamwa kuli yasa. Mwaonatu, ndinkadziwa bwino lomwe mpando woyenera kukhazikapo mlendo. Akazi anga anali ataima chapatali ndi amayi anzawo, chikwama cha Baibulo m'manja, kudikira kuti tizipita. Mkulu wa mpingo wina, atangotuluka kumene m'galimotomo, anawaitana.

"Mayi, muli ndi mwayi inu! Tsiku lililonse mumayenda pakati pa kwaya."

Iwo, poti sadziwa kunama, anati, "Kaya abambo, ine zimangondipweteka khutu."

Pamenepo ndikadangoseka n'kusiya, bwenzi zitathera pomwepo. Koma ndinaona ngati andivula pagulu, ndiye ndinati, mokweza kuti onse amve, "Musawamvere awa. Anakulira wayilesi ya mabatire oyanika padzuwa. Makutu awo anazolowera kukhosomola kwa wayilesi, zabwino zimawadwalitsa."

Abambo aja anaseka chikhakhali, wina mpaka kundimenya paphewa. Amayi ena anaseka nawo, ena anayang'ana pansi. Akazi anga anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wapondedwa chala m'basi, n'kukalowa m'galimoto. Chonsecho wokulira wayilesi ya mabatire oyanika padzuwa ndine, iwo kwawo kunali magetsi.

Mawa lake ndinadzuka n'kupeza atavala kale jekete. Anati akwera basi, akufuna aziwongola miyendo. Munthu wa mwendo wotupa, mwezi wa Novembala, ati kuwongola miyendo! Ndinati chabwino. Ndinkati kuzizira kukawaluma abwera okha. Kuzizira kunabwera, chipale chija amati sinowo chinagwa, iwo osabwerera. Ankanyamuka ola lathunthu ine ndisananyamuke, n'kukwera mabasi awiri. Ndipo ndivomere chinthu china chonyansa: masabata oyambawo ndinkasangalala. Bambo wa ku Manassas anandiuza kuti ngakhale thupi la munthu wokhala pambali limasintha mawu, ndipo zoonadi, mpandowo utakhala wopanda munthu nyimbo zinkamveka bwino kuposa kale. Ndinkakweza mmene ndafunira, popanda wondiuza kuti ndichepetse.

Tsiku lina basi itachedwa ndinawapeza pasiteji, atadzikulunga mpango mpaka m'maso, akupondaponda pansi kuti mapazi asaume. Ndinaima n'kutsitsa galasi, nyimbo ikulira. Anagwedeza dzanja kuti pitani, ikubwera. Ndipo ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinapitadi, osaganiza n'komwe zozimitsa kaye ndi kuwapempha kuti akwere. Kunyumba tinkalankhulana bwinobwino, za chakudya, za makiyi, za amene atulutse zinyalala. Koma nkhani zenizeni zija zinasowa pokambira, ndipo ndinkamvera kwa anthu ena kutchalitchi zinthu zimene zachitika kwawo kwa akazi anga.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira maso anga anayamba kuchita nkhungu, ndipo dokotala anati akufuna kuona mkati mwake. Anandichenjeza kuti adzandithira mankhwala amene amasokoneza kuona kwa maola angapo, choncho ndibwere ndi wondiyendetsa pobwerera. Akazi anga laisensi anali nayo kalekale, kuntchito amayendetsa ngakhale kabasi ka okalamba. Koma galimoto yanga ndinali ndisanawapatsepo, ndinkati andisokonezera mpando. Anapempha tsiku kuntchito osanyinyirika. Popita ndinayendetsa ine, osayatsa kanthu, tonse tili zii ngati ndawakweza matola.

Potuluka kwa dokotala dzuwa linkandilasa m'maso, dziko lonse lili mbuu. Ndinawapatsa makiyi n'kukakhala mpando wakumanja, koyamba chigulireni galimotoyo. Anakokera mpando kutsogolo, anakonza magalasi oonera kumbuyo, tinanyamuka. Chete uja anandilemera, ndipo dzanja langa, mwachizolowezi, linapita pabatani. Inayamba nyimbo ya kwaya, pa voliyumu yanga ya masiku onse.

Ndinayesa china chaduka. Panalibe woimba pakati pa galasi, panalibe amayi uku abambo uko. Zonse zinaunjikana pachitseko changa, ndipo kasipika ka pakona kankandibaya m'khutu ngati wina akupala poto ndi supuni. Besi inkabwera payokha, yosagwirizana ndi zinzake, moti ndinacheuka kuona ngati ikuchokera m'galimoto ya wina. Ndinapendeketsa mutu, ndinatsamira kumanzere, sizinasinthe. Kenako ndinazindikira kuti palibe chaduka. Izi ndi zimene ankamva iwo m'mawa uliwonse. Izi ndi zimene ndinasankha ndekha ku Manassas atandichenjeza, ndipo ndi zimene ndinawasekera pamaso pa mpingo. Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinathokoza magalasi akuda amene anandipatsa kwa dokotala, chifukwa sindikadatha kuwayang'ana m'maso.

Ndinawasuzumira cham'mbali. Ngakhale ndi maso a nkhunguwo ndinaona kuti nkhope yawo yasintha. Anali atawongoka, manja onse pachiwongolero, milomo ikutsatira mawu a nyimboyo. Titaima pa maloboti anapumira m'mwamba.

"Kani zimamveka chonchi?" anatero motsitsa, ngati akudzilankhulira okha. "Mayi akutsogolerayu ali pompano ndithu. Iii, koma ndi zokoma!"

Sananene kuti mwaonatu. Akadanena, mwina ndikadapeza pogwira, ndikadakangana nawo pang'ono n'kupepukidwa mtima. Anangopitiriza kumvetsera, osangalala ndi chinthu chimene chinali mkono umodzi wokha kuchokera pamene ankakhala, chimene ndinagawira abambo onse a mumpingo koma iwo osawalawitsa ngakhale kamodzi. Manyazi amene anandigwira pamsewu umenewo sindinawamvepo kwina kulikonse.

Ndinafuna kupirira mpaka kunyumba. Ndinati chikhale chilango changa, komanso ndisawadule nyimbo yawo yoyamba. Iwo anapirira masabata ambirimbiri, ine ndingalephere theka la ola? Koma nyimboyo itafika pamene amayi amakweza mawu onse pamodzi, khutu langa linakana. Sindinakwanitse ngakhale nyimbo imodzi.

"Mayi," ndinatero, "tachepetsaniko pang'ono. Zikundipweteka."

Sanafunse kuti chikundipweteka n'chiyani. Asanamalize n'komwe mzere umene ankaimba, anatambasula dzanja n'kuzimitsiratu.

"Pepani bambo," anatero. "Ndinaiwala kuti pamenepo pamawawa."